Zomwe Zinatichitikira Eni Mfuti za Brace ku America, ndi Momwe Mungadziwire Gulu la Mfuti Yanu

Pa 31 Januwale 2023, anthu mamiliyoni kuno ku America tinauzidwa kuti mfuti za brace (chomangira kumkono choikidwa kumbuyo kwa pistol) zimene tinagula m'sitolo dzuwa likuswa mtengo, titadzaza fomu ya boma ndi kufufuzidwa mbiri, tsopano zalowa m'gulu lina. Palibe chimene tinachotsapo kapena kuwonjezerapo. Zinali chigonere m'sefa zathu monga dzulo lake. Koma nthambi ya boma yoona za mfuti, ATF, inati zambiri mwa izo ndi short-barreled rifle, kutanthauza rifle ya mpope waufupi, mwachidule SBR, ndipo inatipatsa masiku 120 oti tichitepo kanthu. Wopezeka nayo yosalembetsa 31 Meyi itadutsa akanatha kukakhala kundende mpaka zaka 10 ndi kulipira chindapusa chofika $250,000.

Ndikulemba izi chifukwa abale ambiri amene ali kuno, makamaka amene angolandira kumene green card n'kuyamba kuganiza za mfuti yotetezera pakhomo, amangomva zoti nkhani ya brace inatha, khoti linagamula. Chimene khoti linafafaniza ndi lamulo la ATF la 2023 lokha. Lamulo lalikulu limene linabereka chisokonezo chonsechi likadalipo, ndipo likumangabe anthu. Kwathu funso limakhala limodzi, loti kodi uli ndi laisensi ya kupolisi. Kuno mafunso ndi awiri. Loyamba, kodi iweyo ukuloledwa kukhala ndi mfuti? Lachiwiri, kodi chitsulo chili m'manja mwakocho lamulo limachitcha chiyani? Anthu ambiri osamala amapunthwa pa lachiwirili.

Gwero lake ndi lamulo la 1934, National Firearms Act, kapena kuti NFA. Polikonza, aphungu ankafuna kuti mfuti za m'manja, ma pistol, zizilembetsedwa ndi kulipiridwa msonkho. Anaona kuti munthu angathe kuzemba podula mfuti yaitali ndi sowo kuti izibisika m'jekete, choncho anaikamonso mfuti zodulidwa. Kenako ma pistol anachotsedwa mu biluyo, koma mfuti zazifupi zija zinatsalamo. N'chifukwa chake lero m'zigawo zambiri pistol yaing'ono yolowa m'thumba mumagula tsiku lomwelo, rifle yaitali chimodzimodzi, koma ya pakatikati imafuna chilolezo chapadera cha boma lalikulu la ku Washington. Msonkho wake unaikidwa pa $200, ndalama zambiri zedi m'chaka chimenecho.

Malire ake ndi awa. Rifle imene mpope wake sukwana mainchi 16, omwe ndi masentimita 40.6, ndi SBR. Imene inapangidwa kuchokera ku rifle ndipo utali wake wonse sukwana mainchi 26, pafupifupi masentimita 66, nayonso ndi SBR. Kwa shotgun malire a mpope ndi mainchi 18. Izi n'zoyezeka, aliyense ali ndi tepi atha kudzionera yekha. Vuto lili pa tanthauzo la rifle. Lamulo limati ndi chida chopangidwa, kapena chokonzedwanso, ndi cholinga choti chiziwomberedwa chitatsamira paphewa. Pistol ilibe malire a mpope chifukwa siipangidwira paphewa. Ndiye mfuti ya mpope wa mainchi 10.5 ikakhala pistol, palibe mlandu. Yomweyo ikatchedwa rifle, ndi zaka 10. Chosiyanitsa ndi liwu loti cholinga, ndipo cholinga sichiyezedwa ndi tepi.

Brace inabwera mu 2012. Anaipanga ndi Alex Bosco, amene ankafuna kuthandiza mnzake, msilikali wakale wolumala, kuti azitha kugwira pistol yolemera ya mtundu wa AR ndi dzanja limodzi. Ndi chinthu cha labala kapena pulasitiki chimene chimavekedwa kumbuyo kwa mfuti, pa paipi yotchedwa buffer tube. Chili ndi mapiko awiri okumbatira mkono ndi lamba womangira. ATF inachiona chaka chomwecho n'kulemba kalata yoti kuika chimenechi sikusandutsa pistol kukhala SBR. Kampani ya SB Tactical inayamba kuzipanga, SIG Sauer n'kumazigulitsa, ndipo posakhalitsa makampani ambiri anayamba kutulutsa mfuti zobwera ndi brace kuchokera kufakitale.

Tisanamizane. Ambiri amene anagula sanali olumala, ndipo ambiri ankaitsamiritsa paphewa, chifukwa kumbuyo kwa brace n'kotambalala mokwanira. Boma silinali kulota. Mfuti zoterezi zinagwiritsidwanso ntchito popha anthu ku Dayton mu 2019 ndi ku Boulder mu 2021, ndipo amene anataya abale awo ali ndi chifukwa chomveka chofunira malamulo okhwima. Dandaulo langa lili pa njira imene inatsatidwa. Malire a mlandu wa zaka 10 ayenera kulembedwa ndi nyumba ya malamulo, m'manambala amene munthu wamba angayeze pathebulo pake. M'malo mwake tinakhala zaka 10 tikulamulidwa ndi makalata.

Taonani momwe makalatawo anayendera. Mu 2014 ATF inayankha wofunsa wina kuti kuwombera pistol ya brace itatsamira paphewa sikusintha gulu lake. Mu Januwale 2015 inatulutsa kalata ya kwa onse yonena zosiyana, kuti woitsamiritsa paphewa wayikonzanso mfutiyo, ndiye wapanga SBR. Amene munkapita kumalo ophunzirira kuwombera m'zaka zimenezo mukukumbukira momwe anthu ankaimira. Munthu ankakanikiza brace patsaya, khosi litapindika, n'kusiya kampata kolowa zala ziwiri pakati pa labalayo ndi malaya ake, mnzake ali pambali kumuyang'anira kuti mfuti ikagunda mmbuyo isakhudze phewa. Kampata kameneko ndi kamene kankalekanitsa munthu wosalakwa ndi wopalamula. Mu Malichi 2017 kunabwera kalata ina yofewetsa, yoti kukhudza phewa mwa apo ndi apo si kukonzanso. Mu 2020 kampani ya Q inauzidwa kuti pistol yake ya Honey Badger ndi SBR ndipo isiye kuigulitsa, anthu atagula kale. Mu Disembala chaka chomwecho ATF inatulutsa mfundo zatsopano zoyezera, n'kuzibweza sabata isanathe.

Chimene tinaphunzira mochedwa n'chakuti kalata ya ATF imanena za chinthu chimodzi chimene chinatumizidwa kwa iwo, momwe chinalili tsiku limenelo, ndipo imalembedwera amene anafunsa. Si lamulo. Atha kuisintha mawa popanda kukudziwitsani. Kapepala kamene kankabwera m'katoni ya mfuti konena kuti ATF inavomereza kankatikhazika mtima pansi, koma nthawi zambiri kanali ka brace ya mtundu wina, yoyesedwa pa mfuti ina.

Mu Juni 2021 kunabwera chikalata chofunsa maganizo a anthu, chokhala ndi fomu yowerengera mapointi yotchedwa Worksheet 4999. Mfuti inkayenera kulemera ma ounce 64 kapena kuposa, pafupifupi makilogalamu 1.8, ndi kutalika pakati pa mainchi 12 ndi 26, kenako mumawerenga mapointi pa kapangidwe ka brace ndi zina zomangiriridwa pamfutiyo. Mapointi 4 ndiye kuti SBR. Inali yovuta, koma munthu ukanatha kukhala pansi ndi sikelo ndi tepi n'kupeza yankho. Anthu opitirira 200,000 anatumiza ndemanga. Lamulo lomaliza, 2021R-08F, litatuluka mu Januwale 2023, fomu ya mapointi ija munalibe. M'malo mwake anati ayang'ana ngati kumbuyo kwa mfuti kuli malo otha kutsamira paphewa, kenako aganizira zinthu 6: kulemera ndi kutalika poyerekeza ndi ma rifle ofanana nayo, mtunda wochokera pa trigger, pokoka ndi chala powombera, kufika kumapeto, mtundu wa galasi loonera, ngati mbali ya kumbuyoyo ili yofunika kuti mfuti igwire ntchito, momwe kampani inatsatsira malonda ake, ndi momwe anthu ambiri amaigwiritsira ntchito. Sanaike malire a nambala pa chilichonse mwa izi. Ziwiri zomalizazo n'zimene zinatipweteka mtima kwambiri, chifukwa zinatanthauza kuti vidiyo ya munthu wosamudziwa pa YouTube ikanatha kusintha dzina la mfuti ili m'nyumba mwako.

Njira zimene tinapatsidwa zinali 5, ndipo iliyonse inali ndi minga yake.

Kulembetsa ndiye kunali kokopa, chifukwa msonkho wa $200 anauchotsa kwa olembetsa masiku 120 aja asanathe. Mumadzaza Form 1 pa intaneti, kuikapo chithunzi cha nkhope ngati cha pasipoti, chithunzi cha nambala ya mfuti, ndi zidindo za zala pa makadi awiri a FD-258 kapena pa kompyuta, kenako n'kutumiza kope kwa mkulu wa apolisi wa dera lanu. Koma mfuti ikalowa m'kaundula wa NFA imasintha moyo wa pakhomo. Simungawoloke nayo kupita chigawo china popanda chilolezo cholembedwa, chimene mumapempha ndi Form 5320.20 ulendo usanafike. Simungabwereke mnzanu kuti apite nayo. Ngati yalembedwa m'dzina lanu lokha, ngakhale akazi anu kapena amuna anu kukhala ndi kiyi wa sefa inu kulibe n'kokayikitsa pamaso pa lamulo, n'chifukwa chake mabanja ambiri amalembetsa kudzera mu trust, mgwirizano wolembedwa mwalamulo wosungira chuma m'dzina la anthu angapo, mmene aliyense wokhala ndi mphamvu pa mfutiyo amapereka zala ndi chithunzi chake. Kugulitsa kumafuna Form 4 ndi kudikira kuti wogulayo avomerezedwe. Ndipo m'zigawo monga California, New York, New Jersey ndi Hawaii, SBR n'zoletsedwa kwa munthu wamba, kotero njira imeneyi kumeneko kunalibe.

Yachiwiri inali kusintha mpope n'kuika wa mainchi 16 kapena kuposa. Pa AR n'zosavuta, mumagula theka la pamwamba lina n'kulowetsa mapini awiri. Pa mfuti zina pamafunika mmisiri ndi ndalama zambiri, ndipo pamapeto pake muli ndi mfuti yaitali imene simunafune. Yachitatu inali kuchotsa brace n'kuitaya kapena kuiwononga moti singabwererepo. Kungoimasula n'kuiika m'dirowa sikunali kotsimikizika, pa chifukwa chimene ndifotokoze pansipa. Kwa olumala amene chinthuchi chinapangidwira, njira imeneyi inali yowalanda mfuti mwa dzina lina. Ziwiri zotsala zinali kukapereka mfuti ku ATF kapena kuiwononga, zonse popanda chipukuta misozi.

ATF inkati mfuti zokhudzidwa zinalipo pafupifupi 3 miliyoni. Nthambi yofufuza ya nyumba ya malamulo, Congressional Research Service, inati ma brace angakhale pakati pa 10 ndi 40 miliyoni. Olembetsa anali pafupifupi 255,000. Ena mwa otsalawo anachotsa brace, ena ankadikira makhoti, koma ambiri ndithu sanamve n'komwe. Munthu amene anagula mfuti mu 2018 n'kuitsekera m'sefa sawerenga Federal Register, gazeti ya boma. Palibe kalata imene inapita kunyumba kwake.

Miyezi yotsatira ndi imene inaonetsa kuipa kwa lamulo losamveka. Makhoti a ku Texas ndi khoti la apilo la Fifth Circuit anayamba kupereka ziletso, koma chiletso chilichonse chinkateteza okhawo amene anasuma ndi mamembala awo. Membala wa bungwe la Firearms Policy Coalition anali wotetezedwa. Wa Gun Owners of America kapena Second Amendment Foundation chimodzimodzi, aliyense pa mlandu wake. Ndiye panali anthu awiri oyandikana nyumba, mfuti zofanana, zogulidwa sitolo imodzi, wina ali mfulu chifukwa ali ndi khadi la bungwe, mnzake ali pa ngozi ya ndende. Anthu ankasindikiza imelo ya umembala n'kuisunga m'chikwama cha mfuti, osadziwa ngati wolowa m'bungwe chiletso chitaperekedwa kale akuwerengedwa nawo.

Pa 1 Ogasiti 2023 Fifth Circuit, pa mlandu wa Mock v. Garland, inati lamulo lomaliza linasiyana kwambiri ndi limene anthu anafunsidwa maganizo, chifukwa cha fomu ya mapointi imene inasowa ija. Mu Novembala woweruza wina ku Texas analiimitsa m'dziko lonse. Pa 13 Juni 2024 woweruza Reed O'Connor analifafaniza. Mu Ogasiti chaka chomwecho khoti la apilo la Eighth Circuit nalo linati mfundo zake sizipatsa munthu njira yodziwira ngati akulakwa. Mu 2025 boma linasiya apilo yake.

Apa m'pamene ambiri amasokonezeka, ndiye ndichedwepo pang'ono. Makhotiwa sananene kuti pistol ya brace singakhale SBR. Ananena kuti ATF inalakwitsa njira yopangira lamulo lake. Tanthauzo la 1934 la cholinga cha paphewa lili pomwepo, ndipo ATF yakhala ikunena kuti ikadali ndi mphamvu yoona mfuti iliyonse payokha. Tinangobwerera kumene tinali 2023 isanafike, kumene kunalinso kosamveka. Amene analembetsa mwaulere, mfuti zawo zili m'kaundula mpaka pano ndi malamulo onse a maulendo ndi kugulitsa, ngakhale kuti iwo ali ndi mwayi woikapo stock yeniyeni, mbali ya kumbuyo yotsamiritsa paphewa, mosaopa. Ndipo malamulo a zigawo ndi ena. Chigamulo cha ku Texas sichikhudza chimene chigawo chanu chinaletsa pachokha.

Nkhani ya bump stock, chipangizo choikidwa kumbuyo kwa rifle kuti iziwombera mofulumira kwambiri, inayenda njira yofanana, mwachangu ndi mwankhanza kuposa. Kwa zaka zambiri ATF inkati si machine gun. Anthu ataphedwa ku Las Vegas pa 1 Okutobala 2017, inasintha maganizo, ndipo kuyambira 26 Malichi 2019 eni ake anayenera kuwononga kapena kupereka. Kulembetsa kunali kosatheka chifukwa kaundula wa machine gun kwa anthu wamba anatsekedwa mu 1986. Pa 14 Juni 2024 Supreme Court, pa mlandu wa Garland v. Cargill, inagamula ndi oweruza 6 kwa 3 kuti ATF inapyola mphamvu zake. Amene anamvera n'kuphwanya zawo anali ataluza kale. Koma musaganize kuti makhoti nthawi zonse amatsutsa ATF. Mu Malichi 2025 khoti lomwelo linavomereza lamulo lake lokhudza zipangizo zolumikiza wekha n'kukhala mfuti.

Tsopano zimene zili m'manja mwanu.

Yambani ndi kuyeza mpope, ndipo muyeze momwe boma limayezera. Chotsani magazine, chosungira zipolopolo, kenako tsegulani, yang'anani ndi maso ndi chala kuti mulibe chipolopolo. Tsekani bolt, chitsulo chotseka kumbuyo kwa mpope, mpaka pamapeto. Tengani kamtengo kowongoka kopyapyala, kapena ndodo yotsukira mpope, mulowetse kukamwa mpaka kagunde pankhope ya bolt. Ikani chizindikiro ndi pensulo pamene mpope wathera, tulutsani, yezani. Kuyeza kunja kumanamiza chifukwa mbali ina ya mpope imabisika mkati mwa mfuti. Cholakwa chofala ndi kuwerengera chitsulo cha kukamwa, flash hider kapena muzzle brake. Ngati chimamasuka ndi sipanala, sichiwerengedwa, muchichotse musanayeze. Chimawerengedwa pokhapokha chitamatidwa kosatha, ndipo njira zovomerezeka ndi zitatu: kuwotcherera, kumata ndi silver solder yosungunuka pa madigiri 1,100 Fahrenheit, pafupifupi 593 Celsius, kapena kuboola n'kulowetsa pini ndi kuwotcherera pamutu pake. Guluu wa mazinga, ngakhale wolimba chotani, sawerengedwa. Ambiri amagula mpope wa mainchi 14.5 n'kumatapo chitsulo kuti zikwane 16. Kumbukirani kuti mbali ina ya chitsulocho imameza mazinga a mpope, ndiye cha mainchi 1.5 sichikwanitsa. Muyezenso mmisiri akamaliza, ndipo muonetsetse kuti mwadutsa 16 ndi kachidutswa, osati kungofika pamzere.

Utali wonse wa rifle boma lalikulu limayeza stock itatambasulidwa. Zigawo zina zimayeza itapindidwa. Mudziwe za chigawo chanu.

Chachiwiri ndi mbiri ya receiver, chitsulo chokhala ndi nambala, chimene pamaso pa lamulo ndicho mfuti. Ngati inayamba moyo wake ngati rifle, ikhala rifle mpaka kalekale. Mukaichotsa stock n'kuika mpope waufupi ndi brace, mwapanga SBR, ngakhale ikuoneka chimodzimodzi ndi pistol ya mnzanu. Koma imene inayamba ngati pistol mutha kuisandutsa rifle ya mpope wa mainchi 16 n'kudzaibwezeranso. Izi zinachokera pa mlandu wa Thompson/Center Arms wa 1992 ndi chigamulo cha ATF nambala 2011-4. Posintha, dongosolo n'lofunika. Popita ku rifle, ikani mpope wautali kaye, stock pambuyo. Pobwerera, chotsani stock kaye. Stock ndi mpope waufupi zisakumane pa mfuti imodzi ngakhale kwa mphindi. Pogula, onani chimene wogulitsa walemba pa Form 4473, ngati ndi handgun, long gun kapena other, ndipo sungani lisiti ndi chizindikiro cha pakatoni. Receiver yakale yogula kwa munthu, imene simukudziwa chiyambi chake, musamangirepo mpope waufupi. Yatsopano si yodula poyerekeza ndi loya.

Chachitatu ndi zipangizo zongokhala m'nyumba. Mlandu ungabwere ngakhale simunalumikize kanthu, ngati muli ndi zidutswa zimene palibe china chololedwa chimene zingapange kupatula SBR. Muli ndi rifle imodzi ya AR, mwagula theka la pamwamba la mainchi 10.5 chifukwa linatsika mtengo, ndipo mulibe pistol yoti liikidwepo. Pamenepo muli pangozi. Chimodzimodzi wokhala ndi pistol yokha ndi stock yokwanira pa iyo. N'chifukwa chake brace ya m'dirowa ija inkadetsa nkhawa. Chidutswa chilichonse chikhale ndi mfuti yololedwa imene chingapiteko, ndipo chimene chilibe kwawo chidikire mpaka chilolezo chitabwera.

Brace yanu muisiye momwe inabwerera. Kalata yofewa ya 2017 yomwe ija inanena kuti wochotsa lamba, kapena woimata kumapeto kwa paipi kuti italike ngati stock, wasonyeza cholinga. Musadzaze mpata wa pakati pa mapiko ndi thovu kapena thabwa. Musaike galasi la rifle limene limaoneka bwino pokhapokha diso lili pafupi, chifukwa limachitira umboni kuti mfutiyo imawomberedwa paphewa. Chogwirira choimirira cha kutsogolo ndi msampha wina. Pa pistol yosakwana mainchi 26 chimaisandutsa gulu lina la NFA lotchedwa any other weapon, chifukwa pistol imayenera kukhala ya dzanja limodzi. Kapulasitiki ka $20 n'kokwanira kubweretsa mlandu womwe uja. Zogwirira zopendekeka ATF yakhala ikuzilola, koma dziwani kuti kumeneko n'kudalira makalata kachiwiri. Ndipo zithunzi ndi mavidiyo amene mumaika pa Facebook amakhala. Mlandu suwola.

Maganizo anga ndi akuti wofuna mfuti yaifupi ya paphewa, ndipo chigawo chake chimalola, angolembetsa SBR yeniyeni. Lamulo limene linasainidwa pa 4 Julayi 2025 linatsitsa msonkho wa SBR kufika pa ziro kuyambira 1 Januwale 2026. Kulembetsa kokha sikunachotsedwe, ndipo apa anthu ena akhoza kugwa pomva zoti msonkho watha. Mumatumizabe Form 1 ndi kudikira kuti ivomerezedwe musanaike stock. Wopanga yekha amayeneranso kuzokota dzina lake kapena la trust, mzinda ndi chigawo pa mfutiyo, mozama mainchi 0.003 kapena kuposa. Zimenezi zimachitidwa ndi makina kwa mmisiri, ndipo ndi bwino kuzichita mfuti isanalumikizidwe. Chilolezo chikabwera, sungani choyambirira m'sefa, kope lina m'chikwama cha mfuti, lina pafoni. Auzeninso a pabanja panu kumene mapepalawa ali. Mwini akamwalira, wolandira chuma amasamutsira mfutiyo m'dzina lake ndi Form 5 popanda msonkho, koma wamasiye amene sakudziwa kuti ili m'kaundula atha kuipereka kwa mlamu wake mwachifundo n'kupalamula onse awiri.

Amene sakufuna zonsezi, rifle ya mainchi 16 kapena pistol wamba yopanda chilichonse kumbuyo sizinakhalepo m'mkanganowu.

Wogulitsa m'sitolo si loya, ndipo gulu la pa WhatsApp silidzakuimirirani m'khoti. Chilichonse chimene mwawerenga pa nkhaniyi, ngakhale chino, yang'anani tsiku limene chinalembedwa, chifukwa yankho loona mu Epulo 2023 linali litasintha pofika Novembala. Musanagule, funsani loya wa za mfuti wa m'chigawo chanu. Ola limodzi ndi iye n'lokwanira. Safunsa anadya phula.

Kwa ife obwera pali chinanso cholemera kuposa zonsezi. Amene ali pa visa ya sukulu, ya ntchito kapena ya ulendo saloledwa kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa m'lamulo, monga kukhala ndi laisensi ya ulenje imene ikugwira ntchito. Kubwereka mfuti pamalo ophunzirira kuwombera kumawerengedwanso ngati kukhala nayo. Wa green card amaloledwa kugula ngati nzika, koma chilango chake si chofanana ndi cha nzika. Kupezeka wolakwa pa mlandu wa mfuti ndi chimodzi mwa zifukwa zolembedwa zothamangitsira munthu m'dziko, ngakhale woweruza atapanda kumutumiza kundende. Mbadwa ya kuno ikhoza kuvomera mlandu wocheperako n'kubwerera kwawo madzulo. Inu kuvomera komweko kungakuchotsereni mapepala, ntchito ndi ana. Zikakufikani, lankhulani mwaulemu, musafotokoze za momwe mumaigwirira mfutiyo popanda loya, ndipo musasaine kuvomera kulikonse loya wa za immigration asanaone pepalalo.